Ndege Zodutsa Pamwamba pa Ruwa

Nkhani yokambidwa pamsonkhano wa anthu olankhula Chichewa ku Ruwa

Pakati panu pali aimvi amene adaona ndi maso awo zinthu zimene ine ndidangozimva ndi kuziwerenga. Ndipo ngati pena lilime langa literereka, musachite manyazi kundibweza, pakuti safunsa adadya phula.

Palibe mwana wokulira kuno ku Ruwa amene sadaimepo pabwalo kapena m'munda, khosi lili chagada, maso ali pa ndege imene ikutsika pang'onopang'ono kulunjika kuseri kwa Epworth, kumene kuli bwalo lalikulu la ndege la dziko lino. Agogo athu adaziona ali ndi khasu m'manja m'minda ya fodya, makolo athu adaziona akudula maluwa, ndipo ana athu akuziona lero ali panjira ya kusukulu. Koma mukadati mufunse m'nyumba ino kuti ndi angati adalowamo m'ndegemo, ndikhulupirira kuti zala za manja awiri zikadakwana kuwawerenga. Chimenechi ndicho chandipatsa mutu wa nkhani yanga. Ndifuna tiyende pamodzi m'mbiri ya mabwalo a ndege a Zimbabwe, tisuzumirenso a ku Malawi popeza mbiri yawo idalukana ngati mphasa, ndipo poyendapo tidzifunse kuti ndegezi, pa zaka zoposa 100 zimene zakhala zikuuluka pamwamba pathu, zakhala zikunyamula chiyani ndi yani.

Ndege yoyamba kutera m'dziko lino idafika ku Bulawayo pa 5 Malichi 1920. Inkatchedwa Silver Queen II, ndipo oyendetsa ake, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand, anali paulendo wofuna kukhala oyamba kuuluka kuchokera ku England mpaka ku Cape Town. Bwalo la ndege kunalibe, kotero adatera pabwalo la mjaha wa akavalo. Ndipo m'mawa mwake, pofuna kunyamuka ndi mafuta odzaza, ndegeyo idalephera kukwera, idagwa pafupi pomwepo n'kuphwanyika, ngakhale kuti eni ake adapulumuka ndipo adatsiriza ulendo wawo pa ndege ina. Musaiwale kugwa kumeneku, chifukwa chimene chidagwetsa ndegeyo tidzakumana nachonso tikafika pa msewu wautali wa bwalo la Harare.

Patapita zaka 12, mu 1932, kampani ya ku Britain ya Imperial Airways idayamba kunyamula makalata ndi anthu owerengeka pakati pa London ndi Cape Town, ikuima ku Mbeya, ku Mpika, ku Broken Hill kumene lero timati Kabwe, ku Salisbury ndi ku Bulawayo. Ku Nyasaland nako munthu wina wamalonda, dzina lake Christowitz, adayamba maulendo a tindege tating'ono kuchokera ku Blantyre, ndipo mu 1933 kudabadwa kampani ya Rhodesia and Nyasaland Airways, imene idalumikiza Blantyre ndi Salisbury. Bwalo la Chileka lidayamba m'masiku amenewo, ndipo la Salisbury linali ku Belvedere, kumene tsopano kuli nyumba za anthu.

Tsono taganizani, abale anga, za anthu ena amene ankayenda njira yomweyo m'zaka zomwezo. Pamene ndege inkachoka ku Chileka m'mawa n'kudzatera ku Belvedere dzuwa lisanapendeke, pansi pake, m'nkhalango za ku Tete, munali mizere ya amuna ochokera ku Ntcheu, ku Dedza, ku Dowa, ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay, atasenza timitolo ta ufa, mphika ndi bulangete, akuyenda masabata angapo wapansi, akugona pamoto poopa mikango, akuwoloka Zambezi pa mabwato, kuti akafike ku Mtoko ndi kupitirira mpaka ku Halale, monga ankatchulira kwathu. Amenewo ndiwo makolo athu. Pambuyo pake boma la Southern Rhodesia, poona kuti mapulazi ndi migodi zikusowa manja, lidaika malole onyamula anthu popanda kulipira, amene anthu adawatcha Ulere, ndipo nkhondo yachiwiri itatha lidakhazikitsa bungwe lolemba anthu ntchito limene kwathu linkadziwika kuti Mthandizi. Ena, osafuna kumangidwa ndi pangano la wina aliyense, ankadziyendera okha, ndiwo aja ankatchedwa aselufu. Onsewa adaidziwa tikiti, komatu sinali tikiti ya ulendo ayi: inali kapepala kamene kapitawo ankachongapo tsiku lililonse munthu akaweruka, ndipo masiku 30 akakwana ndiye kuti malipiro akwana. Ambiri adabwerera kwawo ndi njinga, makina osokera ndi masutukesi. Ambirinso adachona, ndipo ife tili pano ndife zidzukulu za machonawo.

Mu 1946 maboma atatu, la Southern Rhodesia, la Northern Rhodesia ndi la Nyasaland, adagwirizana zokhazikitsa kampani imodzi ya ndege, Central African Airways, likulu lake ku Salisbury. Pogawana umwini, Southern Rhodesia idatenga magawo 50 pa 100 alionse, Northern Rhodesia 35, ndipo Nyasaland 15. Ndipo aliyense amene akumbukira mmene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidayendera kuyambira 1953 mpaka 1963 aona kuti kagawidwe kameneka kanali ngati chithunzi cha zimene zinkabwera, pakuti zomanga zazikulu, mafakitale ndi malikulu zinkakhala kuno, pamene Nyasaland inkapereka anthu. Kampaniyo inali ndi ndege za Viking ndi za Dove, ndiponso tindege ta Beaver timene tinkatera pamabwalo a udzu m'maboma akutali. Ndipo mu 1956 idalandira ndege za Viscount, zimene kulira kwake kwa mluzu akuluakulu ena pano akukumbukirabe. Ndingotchula podutsa, chifukwa achinyamata sakhulupirira ndikawauza, kuti mu 1949 ndi 1950 ndege zazikulu za kampani ya BOAC zinkatera pamadzi, pa nyanja ya Malawi ku Cape Maclear, monganso zinkachitira pa Zambezi kumtunda kwa mathithi a Victoria. Mabwalo apamtunda atakula, mwambo umenewo udatha msanga.

Bwalo la Belvedere silikadatha kulandira ndege zatsopanozo, chifukwa mzinda unali utalizinga ndipo mapiri a Warren anali pafupi. Boma lidagula malo kumwera kwa mzinda, kuphatikizapo pulazi yotchedwa Kentucky, ndipo bwalo latsopano lidayamba kugwira ntchito mu 1956 n'kutsegulidwa mwamwambo mu Febuluwale 1957. Ndilo bwalo lomwe lija timaona ndege zake, limene lidatchedwa Salisbury, kenaka Harare, ndipo kuyambira Novembala 2017 likutchedwa Robert Gabriel Mugabe. Msewu wake umene ndege zimathamangapo udawonjezedwa mpaka kufika mamita 4,725, ndipo uli m'gulu la misewu ya ndege yaitali koposa mu Africa muno.

Mwina wina afunsa kuti utali wonsewo ngwachiyani, popeza mabwalo a mizinda yaikulu kuposa Harare ali ndi misewu yaifupi. Yankho lake lili m'mpweya. Ndege imakwera chifukwa mapiko ake amatsamira pa mpweya umene akuung'amba, monga momwe bwato limatsamira pamadzi, ndipo injini zake zimapuma mpweya womwewo kuti zitenthe mafuta. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene mpweya uli wopepuka kuposa wa ku Beira kapena ku Durban. Ndipo dzuwa la mu Okutobala likawomba, mpweya wopepuka kalewo umapepukiratu, kotero kuti ndege yolemedwa ndi anthu, katundu ndi mafuta a ulendo wa usiku wonse iyenera kuthamanga mtunda wautali isanapeze potsamira. Chimenechi ndicho chidagwetsa Silver Queen ku Bulawayo, ndipo omanga bwalo la Harare adachidziwa. N'chifukwa chakenso ndege zolemera zimakonda kunyamuka usiku kapena m'mamawa kukali chisisira.

Tsopano ndifike pa ndege zimene zidanyamuladi anthu athu ambirimbiri, zimene mabuku okamba za ulemerero wa makampani a ndege amazitchula mwachidule ngati akuchita nazo manyazi. Bungwe la migodi ya ku South Africa lolemba anthu ntchito, limene tonse timalidziwa kuti Wenela, lidaona m'zaka za m'ma 1950 kuti kunyamula anthu pa malole kukuchedwetsa ntchito, ndipo lidakhala ndi ndege zakezake, za Dakota ndi za Skymaster, likulu lake ku Francistown m'dziko la Botswana. Mnyamata wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, amene mwina anali asanakwerepo ngakhale basi, ankapimidwa m'chifuwa, kudinda chala papepala, kukwezedwa m'ndege mpaka ku Francistown, ndipo kuchoka apo sitima yapamtunda inkamufikitsa ku Joni. Amuna zikwizikwi adauluka motero chaka ndi chaka. Choncho si zoona kunena kuti Mmalawi wamba sankakwera ndege m'masiku amenewo. Ankakwera ndithu, koma ankakwera monga momwe thumba la chimanga limakwerera ngolo, wosankha ulendo ali wina, wolipira ali wina, ndipo wopindula kwenikweni ali winanso.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Skymaster ya Wenela, itanyamula amuna obwerera kwawo atatsiriza pangano lawo, idagwa itangonyamuka ku Francistown. Anthu 78 adafa, ndipo oposa 70 mwa iwo anali Amalawi. Ofufuza adapeza kuti mafuta a ndegeyo anali atasakanizika ndi mafuta a mtundu wina, oyenera ndege za jeti. Taonani kuchepa kwake kwa chinthu chimene chidasandutsa amayi ambiri chotero kukhala amasiye tsiku limodzi: sichinali chimphepo kapena mdani, koma kulakwitsa kwa pansi, pamalo osungira mafuta. Dr Kamuzu Banda adaletsa pomwepo kulemba Amalawi ntchito ya kumigodi, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira amuna oposa 100,000 adabwerera kwawo. Kulembako kudayambiranso mu 1977, koma sikudafikenso pa kuchuluka kwa kale. Ndikamva anthu akudandaula kuti oyang'anira za ndege amachulutsa malamulo, amapima chilichonse kawirikawiri ndipo amachedwetsa ulendo chifukwa cha kanthu kakang'ono, ndimakumbukira Francistown, ndipo ndimaona kuti kuchedwako n'kwabwino.

Bwalo la Chileka lili ndi mbiri inanso imene tiyenera kuitchula. Pamenepo ndi pamene Dr Banda adatera pa 6 Julaye 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40, khamu la anthu likumudikira. Ndipo pamenepo ndi pamene adakwezedwa m'ndege pa 3 Malichi 1959, ali womangidwa, kubwera naye m'dziko lino kundende ya Gwelo, imene lero ndi Gweru. Patapita zaka zambiri, pa 6 Epulo 1992, Chakufwa Chihana adagwidwa pabwalo la ndege la Lilongwe atangotsika kudzalalikira za ndale za zipani zambiri. Khomo la dziko limalowetsa mlendo ndi mwini mudzi yemwe, ndipo amene agwira kiyi wake amadziwa mphamvu imene ali nayo.

Chitaganya chitatha, Central African Airways idabala ana atatu mu 1964, Air Malawi, Zambia Airways ndi Air Rhodesia, ndipo pofika kumapeto kwa 1967 mayiyo adamwalira, ana n'kugawana chuma. Aliyense adafuna kuoneka wamkulu payekha. Air Malawi idafika pokhala ndi ndege ya VC10 yopita ku London m'zaka za m'ma 1970, koma mtolowo udalemera ndipo adautula zisanathe zaka khumi. Air Rhodesia, boma la Ian Smith litadzilengeza lodziimira mu 1965, idatsekeredwa makomo ambiri a dziko lapansi, ndipo Chileka lidali limodzi mwa makomo ochepa amene adatsala otsegula, mpaka mu 1976 pamene Mozambique idatseka malire ake. Nkhondo ya ufulu idafika ndi mumlengalenga momwe: pa 3 Sepitembala 1978 ndi pa 12 Febuluwale 1979 ndege ziwiri za Viscount zochokera ku Kariba zidagwetsedwa ndi mizinga ya ankhondo a ZIPRA, ndipo pa yachiwiriyo anthu onse 59 adafa. Sindikhalitsa pamenepa, chifukwa mabala a nkhondo ija ali mbali zonse, ndipo m'makomboni a m'mapulazi anthu athu adapanikizidwa pakati ngati chala pachitseko.

Ufulu utabwera mu 1980 makomo adatseguka. Air Zimbabwe idayamba maulendo a ku London, idagula ndege zatsopano za Boeing 737 ndi 767 chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo makampani akuluakulu monga British Airways, Lufthansa, KLM ndi Qantas ankatera ku Harare. Apa ndi pamene nkhani ya ndege idalowa m'komboni mwathu mwenimweni, ndipo amayi amene mwakhala kutsogolo kuno mukuidziwa kuposa ine. Fodya salira ndege, chifukwa akauma ndi kumangidwa m'mabelo amatha kudikira miyezi, n'kuyenda pa lole kapena pa njanji mpaka ku Beira kapena ku Durban. Koma duwa la rozi ndi nsawawa zanthete zodyera pamodzi ndi makoko ake zilibe chipiriro chotero. Alimi a m'chigawo chino cha Goromonzi, Ruwa ndi Marondera adazindikira kuti pamene ku Ulaya kuli chisanu choopsa ndipo minda yawo yagona, kuno kuli dzuwa ndi mvula, ndiponso kuti bwalo la ndege lili pakhomo pawo. Choncho adamanga nyumba zapulasitiki zolimamo maluwa, ndi zipinda zozizira zosungiramo zokolola. Duwa linkadulidwa m'mamawa, kusankhidwa ndi kuyezedwa utali wa phesi, kumangidwa m'mitolo ndi kuikidwa m'makatoni masana, kukwezedwa pa lole yozizira madzulo, ndipo usiku womwewo linali m'mimba mwa ndege, kaya ya Affretair yonyamula katundu yekha kaya ya anthu, kuti likagulitsidwe pamsika waukulu wa maluwa wa Aalsmeer pafupi ndi Amsterdam. M'zaka za m'ma 1990 Zimbabwe idali m'gulu la maiko otsogola mu Africa pa malonda amenewa, kumbuyo kwa Kenya. Mukukumbukira mmene ntchito inkachulukira kumayambiriro kwa Febuluwale, anthu n'kumaweruka usiku, chifukwa Azungu ali ndi tsiku lawo lopatsana maluwa ofiira pa 14 mwezi umenewo.

Mayi anga aang'ono, amene adagwira ntchito yosankha maluwa zaka zambiri mpaka zala zawo zidachita zipsera za minga, ankakonda kunena moseka kuti maluwa awo adaona Ulaya kambirimbiri pamene iwo sadaonepo ngakhale Dedza, kumene bambo awo adabadwira. Tinkaseka nawo, koma m'nthabwalamo munali nkhani yonse imene ndikukamba madzulo ano. Poyamba ndege inkadutsa pamwamba pa anthu athu ali wapansi. Kenaka idawanyamula ngati katundu wa migodi. Kenaka idanyamula ntchito ya manja awo n'kuwasiya eni manjawo pansi.

Zimene zidachitika kuyambira mu 2000 simufuna wokuuzani. Mapulazi atagawidwa, kaya wina aliona bwanji gawolo, antchito a m'makomboni, makamaka ife amene tidalibe mudzi wa makolo m'dziko lino woti tithawireko, tidatsala pamtetete. Nyumba zambiri zapulasitiki zidang'ambika ndi mphepo, ndipo zipinda zozizira zidazima. Chodabwitsa n'chakuti nyumba yatsopano ya alendo pabwalo la Harare, ija ili ndi nsanja yofanizira nsanja ya miyala ya ku Great Zimbabwe, idatsegulidwa mu 2001, nthawi yomwe alendowo ankachepa. Qantas idachoka, Lufthansa idachoka, ndipo British Airways idaleka maulendo ake a London mu 2007. Anthu ena amati makampaniwo adachoka chifukwa cha ndale, ndipo ndale zinalimodi; koma kampani ya ndege imawerenga mipando yodzaza pamwamba ndi makatoni odzaza pansi, imafuna mafuta opezeka tsiku lililonse, ndipo imafuna kuti ndalama zimene yagulitsira matikiti ithe kuzitulutsa m'dziko; zitatu zonsezi zidasowa nthawi imodzi. Air Zimbabwe nayo idamira m'ngongole, kotero kuti mu Disembala 2011 ndege yake ina idagwidwa pabwalo la Gatwick ku London chifukwa cha ngongole, ndipo mu 2017 idaletsedwa kuuluka m'maiko a mgwirizano wa ku Ulaya. Ku Malawi nakonso Air Malawi idathetsedwa mu 2013, ndipo m'malo mwake mudabwera kampani yatsopano imene boma lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines ili ndi 49.

Lero kumanga kwayambiranso. Bwalo la Bulawayo, lotchedwa Joshua Mqabuko Nkomo, lidalandira nyumba yatsopano mu 2013. La Victoria Falls lidakuzidwa ndi ngongole ya madola 150 miliyoni yochokera ku China, n'kutsegulidwa mu Novembala 2016 lili ndi msewu wa mamita 4,000. Ndipo la Harare lidakuzidwanso ndi ngongole ina ya madola 153 miliyoni yochokera komweko, n'kutsegulidwa mu Julaye 2023, kuti lizitha kulandira anthu 6 miliyoni pachaka m'malo mwa 2.5 miliyoni. Emirates idayamba kubwera mu 2012, Qatar Airways mu 2021, ndipo Ethiopian Airlines ndi Kenya Airways zimatilumikiza ndi Addis Ababa ndi Nairobi. Ku Malawi bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, limene lidatsegulidwa mu 1983 likulu la dziko litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe, lidakonzedwanso ndi thandizo la Japan. Mabwalo ena aang'ono alipo, monga Kariba, Hwange, Buffalo Range ku Chiredzi ndi Charles Prince ku Mount Hampden, kumene ambiri amaphunzirira kuyendetsa ndege.

Sindinyoza nyumba zokongolazi, pakuti mlendo amaweruza mudzi poona bwalo lake. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ngongole imabwezedwa ndi anthu odutsa pakhomo, osati ndi magalasi a pakhomopo. Bwalo lomangidwira anthu 6 miliyoni silidzadzaza ndi alendo odzaona njovu ndi mathithi okha. Komanso chuma chenicheni cha bwalo la ndege chili m'zinthu zimene wapaulendo saziona: zida zotsogolera ndege pa nthawi ya nkhungu, nyali za m'mbali mwa msewu, galimoto zozimitsa moto, oyeza nyengo, ndi anthu a pansanja amene amalankhula ndi oyendetsa ndege. Tonse tidamva chisoni cha pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali yonyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la Malawi, Dr Saulos Chilima, idalephera kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa, n'kugwa m'nkhalango ya Chikangawa, anthu onse 9 n'kutha. Mabwalo aang'ono a m'zigawo amafuna ndalama zimene sizibweretsa mwambo wodula riboni, ndipo n'chifukwa chake amaiwalika.

Chinanso chimene chimandiwawa n'chakuti mabwalo athu adamangidwa atayang'ana kutali, kufulatira anansi. Kuchokera ku Harare kupita ku Blantyre pamsewu, kudzera ku Nyamapanda, pa mlatho wa ku Tete, ku Zobue ndi ku Mwanza, ndi makilomita pafupifupi 600, ulendo umene pa basi umadya tsiku lathunthu chifukwa cha zipata za m'malire, pamene ndege ingaudule pa ola limodzi ndi mphindi zowerengeka. Koma uthenga wa maliro ukafika kuchokera kumudzi, ndani wa ife amaganiza za bwalo la ndege? Tonse timathamangira kokwerera basi ku Roadport kapena ku Mbare, chifukwa mtengo wa tikiti ya ulendo waufupi chotero umaposa malipiro a mwezi a munthu wa papulazi. Kudula kumeneku kuli ndi zifukwa zake: misonkho yambiri imene maboma amaika pa tikiti ndi pa mafuta, kuchepa kwa okwera kumene kumachititsa kuti ochepawo asenze mtengo wa mipando yopanda anthu, ndiponso chizolowezi cha boma lililonse chotchinjiriza kampani yake poletsa za anansi kupikisana nayo. Maiko a mu Africa adagwirizana ku Yamoussoukro mu 1999 kuti atsegulirane mlengalenga, ndipo adabwerezanso panganolo ku Addis Ababa mu Januwale 2018; koma kulemba pangano ndi kulisunga ndi ntchito ziwiri zosiyana. Ndimaona ngati chinthu chomvetsa manyazi kuti atsamunda aja a chitaganya, amene tidawakana pa zifukwa zomveka, adatha kuyendetsa kampani imodzi ya maiko atatu, pamene ife eni dziko, titalandira ufulu, aliyense adasenza denga lake ndi mutu umodzi mpaka khosi lidathyoka.

Ndipo ngakhale tikiti itatsika mtengo mawa, ambiri a ife tikadaimabe pakhomo, chifukwa pabwalo la ndege safunsa kuti ndiwe mdzukulu wa yani, amafuna pasipoti. Mukudziwa kuti zitupa za anthu athu ambiri zidalembedwa chilembo chosonyeza kuti ndife alendo, ngakhale tidabadwira m'makomboni a dziko lino, ndiponso kuti lamulo la 2001 lidasiya ambiri opanda dziko, kuno akuti ndinu a ku Malawi, ku Malawi akuti sitikudziwani. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adakonza zimenezi ponena kuti munthu wobadwira mu Zimbabwe, amene kholo lake lidachokera m'dziko la m'chigawo cha SADC, ndipo ankakhala muno pamene malamulowo ankayamba kugwira ntchito, ndi mbadwa. Komabe alipo pakati pathu agogo amene sadasinthe chitupa chakale, ndi ana amene alibe kalata ya kubadwa chifukwa amayi awonso adalibe. Ndipo mwana wopanda kalata imeneyo amavutika ngakhale polembetsa mayeso a boma, nanji kupeza pasipoti kapena kuphunzira ntchito ya pansanja, ya umakaniko wa ndege kapena ya uyendetsi, ntchito zimene zili makilomita owerengeka kuchokera pamene takhala pano. Mabungwe athu a maliro adziwa kale kusonkha ndalama ndi kuperekeza munthu kumanda mwaulemu. Ndipempha kuti luso lomwelo aligwiritsenso ntchito poperekeza amoyo ku ofesi ya kalembera, kukhala mboni za amene alibe mboni, ndi kusonkhera ya basi amene alibe.

Wapampando, ndaona kuti kunja kwada ndipo ena ali ndi ulendo wa ku Mabvuku ndi ku Epworth. Ndamva kuti m'nyumba ino muli bambo wina wachikulire amene adakwera ndege ya Wenela kuchokera ku Chileka ali mnyamata asanadzakhazikike kuno, ndiponso amayi angapo amene adagwira ntchito m'zipinda zozizira zija. Ndipempha kuti nthawi imene yatsala muwapatse iwo, atiuze ndi pakamwa pawo mmene munalili m'ndegemo, chimene adadya paulendowo, ndi kuti katoni imodzi inkalowa maluwa angati.